Mutu 6: Ukasintha Ntchito, Zaka Zako za Penshoni Zimapita Kuti?

Wantchito wa boma sakhalitsa pamalo amodzi. Mphunzitsi amene anayambira ntchito kwa Nthondo ku Ntchisi mukam'peza patatha zaka khumi akuphunzitsa kwa Chakhaza ku Dowa. Namwino wa pachipatala cha boma amatha kupita ku chipatala cha mishoni ku Madisi kapena ku Mtengowanthenga. Kalaliki wa khonsolo akamva kuti ku Central Region Water Board kwatseguka malo, kalata yofunsira ntchito amalemba usiku womwewo. Ena amatuluka m'boma kukagwira ku mabungwe othandiza anthu othawa kwawo ku Dzaleka, kontirakiti ikatha n'kubwereranso. Pokonzekera ulendo wotere munthu amawerengera malipiro atsopano, lendi ya nyumba, sukulu ya ana ndi kutalika kwa msika. Chimene ambiri safunsa, kufikira imvi zitayamba kuoneka, n'chakuti: zaka ndagwira kunozi zinditsatira kapena zitsala?

Si kusamuka kulikonse kumene kumasokoneza penshoni. Mphunzitsi akachotsedwa ku Malomo n'kutumizidwa ku Mponela, wasintha sukulu ndi boma lokhalamo, koma bwana wake ndi yemweyo ndipo nambala yake ya ntchito ndi yomweyo. Zaka zake zikupitirira. Vuto limabadwa pamene wasintha bwana amene anakulemba ntchito, kapena pamene bwana yemweyo wakuchotsa mu ndondomeko ina ya penshoni n'kukuika mu ina. Zonse ziwirizi zachitikira anthu ambiri m'Malawi muno m'zaka zaposachedwapa, ndipo kuti timvetse chimene chimatayika, tiyambe taona mmene ndondomeko ziwirizo zimawerengera.

Ndondomeko yakale ndi yatsopano

Penshoni yakale ya boma, imene tinaitengera kwa atsamunda, sidula kalikonse pa malipiro a wantchito. Boma limangolonjeza kuti ukagwira zaka zokwanira n'kupuma mwa dongosolo, udzalandira ndalama ya pakamodzi, imene anthu amaitchula kuti gratuity, kenako kangachepe mwezi ndi mwezi mpaka imfa. Kukula kwa ndalamazo kumadalira zinthu ziwiri: zaka zimene wagwira ndi malipiro amene unali kulandira chakumapeto kwa ntchito. Palibe akaunti ya dzina lako kwina kulikonse. Ndalama zolipira opuma pantchito chaka chino zimachokera mu bajeti ya chaka chino, kutanthauza misonkho imene anthu akupereka lero. N'chifukwa chake bajeti ikaphwa, mzere wa odikira gratuity umatalika.

Ndondomeko yatsopano inabwera ndi lamulo la penshoni la 2011, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Juni chaka chimenecho. Lamuloli linalamula kuti bwana aliyense azisungira wantchito wake penshoni: bwana aziika ndalama yosachepera 10 peresenti ya malipiro, wantchito azidulidwa yosachepera 5 peresenti. Ndalamayo imapita ku thumba la penshoni, imalembedwa pa dzina la mwini wake, ndipo oyendetsa thumbalo amaigwiritsa ntchito pobwereketsa boma, pogula masheya ndi nyumba, kuti ibale phindu. Tinene mwachitsanzo kuti malipiro ndi K300,000 pamwezi. Wantchito adulidwa K15,000, bwana aika K30,000, zonse pamodzi K45,000 pamwezi, kapena K540,000 pachaka, phindu lisanaonjezedwe.

Kusiyana kwake kuli ngati kwa munthu amene amfumu am'lonjeza kuti akadzakalamba mudzi uzidzam'patsa chimanga, ndi mnzake amene chaka chilichonse amathira madengu angapo m'nkhokwe yakeyake. Woyambayo akachoka pamudzipo nthawi isanakwane, lonjezo limatsala komweko. Wachiwiriyo akasamuka, amaphwasula nkhokwe, chimanga n'kukweza pangolo. Koma nayenso wachiwiriyu ali ndi nkhawa yake: ngati amene anam'tuma kukathira chimanga sanathire, nkhokwe idzapezeka yopanda kanthu ngakhale ikuoneka bwino kunja.

Boma, ngakhale ndilo linapanga lamulo la 2011, linatenga zaka zisanu ndi chimodzi lisanalowetse antchito ake. Pa 1 Julayi 2017 ndi pamene ndondomeko yodula malipiro inayamba m'boma, kudzera mu thumba lotchedwa Public Service Pension Trust Fund. Malire anawaika pa msinkhu: amene anali ndi zaka 35 kapena kucheperapo pa tsikulo analowa mu yatsopano, pamodzi ndi onse olembedwa ntchito pambuyo pake, pomwe opitirira zaka 35 anatsala mu yakale. Choncho lero m'chipinda chimodzi cha aphunzitsi ku Khuwi kapena ku Nambuma mutha kupeza anthu awiri a giredi imodzi, malipiro ofanana, wina wobadwa mu 1980 wina mu 1985, koma ukalamba wawo ukuwerengedwa mosiyana kotheratu. Poti msinkhu wopumira pantchito m'boma ndi zaka 60, womaliza wa ndondomeko yakale adzapuma cha m'ma 2041. Ndondomeko ziwirizi tikhala nazo limodzi kwa nthawi yaitali ndithu.

Si Malawi yekha anadutsa njira imeneyi. Ku Zambia, antchito a boma olembedwa kuyambira mu 2000 analowa ku thumba la NAPSA, akale n'kutsala ku Public Service Pensions Fund, pomwe a makhonsolo anali ndi thumba lawolawo. Kenya inayamba kudula antchito ake a boma mu Januwale 2021, malire n'kuwaika pa zaka 45. Konseku chifukwa chake n'chimodzi: maboma anaona kuti lonjezo lopanda ndalama yosungidwa likukula mofulumira kuposa misonkho.

Zaka za m'mbuyo

Apa ndiye pali mtima wa nkhani. Taganizani za mlangizi wa zaumoyo amene analembedwa ntchito mu 2007 ali ndi zaka 22, n'kukhala akuyenda pa njinga m'midzi ya kwa Kasakula kuyeza ana sikelo ndi kupereka katemera. Pofika Julayi 2017 anali ndi zaka 32, choncho analowa mu ndondomeko yatsopano. Kuyambira mwezi umenewo peyisilipi yake inayamba kuonetsa mzere wa penshoni. Nanga zaka khumi zoyambazo? Pa zaka zimenezo sanadulidwe kanthu, ndipo palibe chimene chinasungidwa pa dzina lake, chifukwa ndondomeko yakale sinkatero. Zaka zimenezo ziyenera kuwerengedwa, kusandutsidwa ndalama, ndalamayo n'kuikidwa mu akaunti yake. Imeneyi ndi ngongole ya boma kwa wantchitoyo, ndipo si ya chisomo ayi, anaigwirira ntchito.

Njira yomweyi ndi imene lamulo la 2011 linatsata ku makampani. Ndalama ya severance, yolipidwa munthu akachotsedwa ntchito, imene wantchito anali ataunjika lamulolo lisanabwere inayenera kuwerengedwa n'kusamutsidwira ku akaunti yake ya penshoni. Mfundo yake ndi yolunjika: kusintha kwa lamulo kusafafanize thukuta la dzulo.

Kuchedwa kuika ndalama imeneyi kumapweteka pawiri. Choyamba, ndalama imene sinalowe m'thumba sibala phindu, ndipo pa penshoni phindu la zaka makumi awiri kapena atatu limatha kuposa ndalama zimene munthu anadulidwa. Chachiwiri, kwacha siima. Inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ngongole yolembedwa m'makwacha a 2017 ikadzalipidwa mochedwa popanda kuonjezerapo, idzagula matumba ochepa a feteleza kuposa amene ikanagula pa nthawi yake. Ine ndimaona kuti wantchito aliyense amene anaoloka mu 2017 ayenera kukhala ndi pepala m'manja lonena zaka zake za m'mbuyo, ndalama imene zakwana, ndi tsiku limene inalowa mu akaunti yake. Mabungwe oimira antchito monga Teachers Union of Malawi ndi Civil Servants Trade Union akamakambirana ndi boma za kukweza malipiro, nkhani ya pepala limeneli isamatsalire kumbuyo, chifukwa kwa munthu wa zaka 40 ndi yolemera kuposa maperesenti angapo a chaka chimodzi.

Lamulo limanenanso kuti ndalama zodulidwa zizifika ku thumba pasanathe masiku 14 mwezi utatha. Woyang'anira zonsezi ndi Registrar of Financial Institutions, amene ndi gavanala wa Reserve Bank of Malawi, ndipo ofesi imeneyi yakhala ikudandaula chaka ndi chaka za mabwana amene amadula antchito koma osatumiza ndalamazo, mpaka kufika potulutsa maina awo m'nyuzipepala. Peyisilipi imangokuuza kuti wadulidwa. Chimene chimakuuza kuti ndalama yafika ndi sitetimenti yochokera ku thumba la penshoni. Mapepala awiriwa ayenera kuyalidwa pa tebulo limodzi, mwezi ndi mwezi kufananizidwa. Ndi ntchito ya madzulo amodzi pachaka, koma anthu owerengeka okha ndiwo amaichita.

Kutuluka pakhomo

Munthu angachoke m'boma m'njira zingapo, ndipo njira imene watulukira ndiyo imagamula tsogolo la zaka zake. Pali kubwerekedwa, kumene m'maofesi amati sekondimenti: boma limakutumiza kukagwira ku bungwe lina kwa kanthawi, koma umakhalabe wantchito wake ndipo zaka zikuwerengedwabe. Pali tchuthi chosalandira malipiro, chimene chimakusungira malo ngakhale miyezi imeneyo ingathe kusawerengedwa. Pali kupuma mwa kufuna kwako utagwira ntchito zaka 20. Ndiye pali kulizaina, kutula pansi ntchito. Kwa munthu wa ndondomeko yakale khomo lotsirizali ndi loopsa, chifukwa lonjezo la boma linamangidwa pa kupuma mwa dongosolo, ndipo ambiri amene analizaina zaka zisanakwane anachoka chimanjamanja. Munthu amene wagwira zaka 18 n'kuona ntchito ya malipiro owirikiza ku bungwe lina ayenera kukhala pansi ndi cholembera asanasaine kalata. Nthawi zina zaka ziwiri zotsalazo n'zamtengo wapatali kuposa kontirakiti yonse imene akuithamangira.

Kwa wa ndondomeko yatsopano zinthu n'zopepukirapo, ndipo apa ndi pamene ubwino wake uli. Ndalama ndi yake, kuphatikizapo gawo limene bwana anaika. Akasintha ntchito, lamulo limamulola kuisamutsira ku thumba limene bwana watsopano amagwiritsa ntchito, kaya loyendetsedwa ndi Old Mutual, NICO kapena ena. Koma ndalama siyenda yokha. Pamafunika kalata yotsimikiza kuti wachoka, fomu yosamutsira, ndi kulondola mpaka sitetimenti ya kwatsopano itaonetsa kuti yalowa. Amene salondola amatsala ndi timaakaunti tiwiri titatu m'matumba osiyanasiyana, tina pa dzina la kusukulu, tina pa dzina la kubanja, n'kudzatiiwala.

M'maboma ngati Dowa ndi Ntchisi pali chisokonezo china chimene chinabwera ndi mphamvu ku anthu. Kuchokera pa lamulo la maboma ang'ono la 1998, ntchito zambiri za maphunziro, zaumoyo ndi zaulimi zinaperekedwa m'manja mwa makhonsolo. Ndiye pansi pa bwanamkubwa mmodzi pali magulu awiri a antchito. Ena ndi a boma lalikulu amene anangotsitsidwira ku khonsolo, malipiro awo n'kumachokerabe ku thumba la dziko. Ena analembedwa ndi khonsolo yeniyeniyo, monga odula ziphaso m'misika ya Mponela ndi Malomo, alonda ndi osesa, ndipo malipiro awo amadalira ndalama zimene khonsolo yatolera. Onse amati "ndimagwira m'boma", koma pa nkhani ya penshoni bwana wawo si mmodzi. Munthu akachoka gulu lina kupita gulu lina, ngakhale desiki ikhale yomweyo, afunse ngati zaka zake zapitirira kapena wayambiranso pa ziro.

Chimodzimodzi ku zipatala za mishoni zimene zili pansi pa bungwe la CHAM. Boma limathandiza kulipira malipiro a antchito ake, ndipo n'chifukwa chake ena amaganiza kuti kuchoka ku chipatala cha mpingo kupita cha boma ndi transifa wamba. Koma amene anakulemba ntchito ku chipatala cha mpingo ndi eni chipatalacho, pokhapokha ngati unachita kubwerekedwa kuchokera ku boma. Kupita m'boma ndi kulembedwa ntchito mwatsopano, ndipo penshoni ya kumishoni iyenera kulondoledwa payokha.

Fodya wa pamphuno

Si zonse zimene zimatayika chifukwa cha maofesi. Zina timataya tokha. Lamulo limalola munthu amene ntchito yam'thera, n'kukhala osapeza ina, kutapako gawo la penshoni yake. Poyamba ankadikira miyezi isanu ndi umodzi. Lamulo latsopano la 2023, limene linalowa m'malo mwa la 2011, linafupikitsa nthawiyo kufika miyezi itatu, ndipo linakwezanso ndalama ya pakamodzi imene wopuma angatenge kuchoka pa 40 kufika pa 50 peresenti. Anthu anakondwera, ndipo n'zomveka. ADMARC itatsekedwa mu 2022 n'kuchotsa antchito ake, mabanja ambiri m'madepoti a kumidzi analibe pena pogwira. Munthu amene ana ake abwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi simungamuuze kuti adikire zaka 60.

Koma pali ena amene amatapa osati chifukwa cha njala. Amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndalama ili ku Lilongwe kapena ku Blantyre si yako mpaka utaigwira. Akasiya ntchito ina akudziwa kale kuti ina ikubwera, amatenga ndalamayo n'kugula njinga yamoto ya kabaza kapena kulowetsa ku geni ya soya, mitengo ikagwa mpamba n'kuthera pomwepo. Akatero kawiri katatu pa moyo wake, amadzafika pa ukalamba atagwira ntchito zaka 35 koma akaunti ikuonetsa za zaka khumi. Mantha awo ndimawamvetsa, poti tonse taona ndalama zikusungunuka ndi kukwera kwa mitengo. Komabe ndalama yotapidwa pa zaka 30 ndi imene ikanabala kwambiri, chifukwa ndiyo inali ndi nthawi yaitali. Ngati pali njira ina yodutsira miyezi yovutayo, imeneyo ndiyo yoyamba kuyesa.

Fayilo

Pitani pa ofesi ya bwanamkubwa m'mawa uliwonse, simulephera kuona bambo kapena mayi wachikulire atakhala pa benchi, atafumbata jumbo ya pulasitiki. M'jumbomo muli moyo wake wonse wa ntchito: kalata yoyamba yolembedwera ntchito, imene akale amaidziwa ndi dzina la PSR 19, yofiirira ndi yong'ambika m'mapindiro, kalata yom'khazikitsa pantchito, makalata okwezedwa, makalata a transifa, mapeyisilipi omangidwa ndi mphira. Wadzuka tambala woyamba, wakwera kabaza kutsika mapiri mpaka pa boma, ndipo akauzidwa kuti fayilo yapita kulikulu, mawa akwera minibasi kudzera pa Mponela kupita ku Capital Hill. Fayilo ya wopuma wa ndondomeko yakale imadutsa m'manja ambiri: ku unduna wake, ku dipatimenti yoona za antchito a boma, kwa ofufuza mabuku a boma, mpaka kwa Accountant General amene amalipira. Pepala limodzi likasowa pena paliponse, ulendo wonse umaima.

Mapepala amene amasowa kawirikawiri ndi a pa nthawi yosintha. Munthu anayamba ngati mphunzitsi wongogwirizira, kapena wolipidwa mwezi ndi mwezi, n'kudzakhazikitsidwa patapita zaka: tsiku loyambira kuwerenga ndi liti? Wina anapita ku sukulu zaka zitatu: anapita ndi chilolezo cholembedwa kapena ndi mawu a pakamwa a bwana amene anamwalira kale? Wina anabwerekedwa ku pulojekiti: kalata yobwerera ilipo? Kumene kulibe pepala, zaka zimaoneka ngati zinaduka. Palinso nkhani ya tsiku lobadwa. Ambiri anadzichepetsera zaka ali ku pulayimale kuti asakanizidwe mayeso, ndipo pamene dziko lonse linkalembetsa ziphaso za unzika mu 2017 anapereka chaka chenicheni. Fayilo ikunena china, chiphaso chikunena china. Kusiyana kotere n'kofunika kukukonza munthu akadali pantchito, ali ndi mphamvu ndi malipiro oyendera.

Akuluakulu a m'midzi ya kuno amene anapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku mabungwe olemba anthu ntchito a Wenela ndi TEBA akudziwa bwino za ululu umenewu. Patha zaka zoposa makumi atatu chilekere kulemba anthu a ku Malawi, koma ena akulondolabe ndalama zawo zimene zinatsala m'matumba a ku South Africa, ndipo chimene amafunsidwa poyamba ndi nambala ya ntchito ndi mapepala. Amene anasunga kabuku kake m'sutikesi ali ndi poyambira. Amene chiswe chinam'dyera amangofotokoza ndi pakamwa dzina la mgodi.

Pali pepala linanso limene anthu amaliiwala posamuka, ndilo fomu yotchula odzalandira ndalama iwe ukamwalira. Mu ndondomeko yatsopano, ndalama ya penshoni siphatikizidwa ndi chuma cha masiye chimene abale amakhalirana pansi kugawana. Oyendetsa thumba amatsata fomuyo. Lamulo limafunanso kuti bwana akhale ndi inshulansi ya moyo wa wantchito yosachepera malipiro a chaka chimodzi. Kuno kwa Achewa, kumene amalume ndi alongo ali ndi mawu pa zinthu za mbumba, maliro a wantchito wa boma amatha kubala mkangano woopsa pakati pa akuchimuna ndi mkazi wamasiye. Fomu yolembedwa bwino imateteza ana. Koma fomu imene munadzaza mu 2017 muli mbeta kapena mphongo yosakwatira, n'kulembapo amayi anu amene pano anatisiya, siidziwa kuti muli ndi ana atatu. Ndipo mukasamukira ku thumba lina, kumeneko mukadzaze ina.

Zinthu zikavuta, malo okadandaula alipo. Nkhani ya thumba la penshoni kapena bwana wosatumiza ndalama imapita kwa Registrar ku Reserve Bank. Kuchedwetsedwa kapena kuponderezedwa ndi ofesi ya boma kumapita kwa Ombudsman. Mikangano ya pakati pa bwana ndi wantchito imaweruzidwa ku Industrial Relations Court. Opuma kale ali ndi bungwe lawo la Public Service Pensioners Association. Konseku adzakufunsani makalata, choncho dandaulo lililonse lizilembedwa, ndipo kope lodindidwa chidindo cha ofesi lizitsala kwa inu.

Inu amene kalata ya ntchito yatsopano ili kale m'thumba, musanalembe yotsanzika pitani kwa woyang'anira antchito pa khonsolo kapena ku unduna wanu. Mufunseni kuti muli mu ndondomeko iti, zaka zanu zalembedwa zingati, ndipo zidzatani mukatuluka pa khomo limene mukufuna kutulukiralo. Yankho akupatseni pa pepala, losainidwa ndi lodindidwa, ndipo mukalijambulitse makope awiri.